Vertigo sinasinthe, anasintha ndi oponya mavoti

Dzulo usiku ndinadzikakamiza kuonera Citizen Kane, filimu ya mu 1941 imene bungwe la American Film Institute linaiika pa nambala 1 mwa mafilimu 100 opambana a ku America. Linatero kawiri konse, mu 1998 ndi mu 2007. Kunena mosapsatira, tulo tinandiba pakatikati. Ine ndine mwana wa vidiyo sho, ndinakulira pa benchi lathabwa n'kumakuwa Rambo akamaliza adani, ndiye nkhani ya nkhalamba yachuma yofera m'nyumba yaikulu inandivuta kumeza.

Nditadzuka ndinaibweza m'mbuyo, ndipo ulemu ndaupereka. Kamera ija ili pansi penipeni, munthu ukuona mpaka denga la chipinda. Mwana akusewera panja pa windo, akuluakulu akusainirana za moyo wake m'nyumba, onsewo akuoneka bwinobwino nthawi imodzi. Orson Welles anapanga zimenezi ali ndi zaka 25 zokha.

Koma nkhani yanga ndi mndandandawu. Ine ndikuti suyeza mafilimu, umayeza anthu oponya mavoti. Anthu oposa 1,500 a ntchito zamafilimu anapatsidwa maina 400 kuti asankhepo. Mu 1998 Vertigo ya Alfred Hitchcock anaiika pa nambala 61. Pofika 2007 inali pa nambala 9. Kodi Hitchcock anadzuka kumanda n'kudzaikonzanso? Mwini wakeyo anamwalira mu 1980. Filimu ndi yomweyo, palibe chithunzi n'chimodzi chomwe chinasintha.

Nanga The Birth of a Nation ya mu 1915, imene imatamanda gulu la azungu atsankho la Ku Klux Klan ngati ngwazi, anthu akuda n'kuwajambula ngati zilombo? Mu 1998 akatswiri omwewa anaipatsa nambala 44 opanda manyazi. Mu 2007 inazimiririka pamndandanda. Chaka chomwecho Do the Right Thing ya Spike Lee inalowa, koma kuchitseko kwenikweni, pa nambala 96. Filimu imeneyi itatuluka mu 1989 sinaikidwe n'komwe pa mpikisano wa filimu yopambana ku ma Oscar. Mphotoyo inapita kwa Driving Miss Daisy, nkhani ya bambo wakuda woyendetsa galimoto ya gogo wachizungu. Aliyense adziwerengere yekha pamenepo.

Ma Oscar eniakewo musawakhulupirire kwambiri. Citizen Kane yomwe ikutchedwa mfumu leroyi inangopata imodzi, ya kalembedwe ka nkhani, ndipo inagonja kwa How Green Was My Valley. Mwini manyuzipepala William Randolph Hearst, poona kuti nkhaniyo ikukamba za iyeyo, analetsa manyuzipepala ake kuitchula.

China chondiseketsa ndi Lawrence of Arabia, imene inali pa nambala 5 mu 1998. Wotsogolera ntchito yake, David Lean, anali wa ku Britain, nkhani yake ndi ya msilikali wa ku Britain m'chipululu cha Aluya. Uamerika wake ndi wa ndalama basi.

Ine njira imene ndimaigwadira ndi ya Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America. Kuyambira 1989, chaka chilichonse amasankha mafilimu 25 amene atha zaka 10 kapena kuposerapo n'kuwalemba mu National Film Registry kuti asungidwe, popanda kunena kuti uyu ndiye woyamba, uyu ndiye wotsiriza. The Birth of a Nation ilimo, Do the Right Thing ilimonso. Kumeneko The Birth of a Nation akuisunga monga umboni wa zimene dziko lija linaombera m'manja, osati kuiveka chisoti.

Wanga Rambo sindinamupeze pa 100 paja, komabe Rocky alipo, pa nambala 57 mu 2007. Ameneyo ndiye ndikuonera usiku uno, ndipo tulo sitibwera.