Air fryer ili pamwamba pa kabati, nyemba zili pamoto

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa kuti ofuna kuseka asekeretu. Disembala wapitayu, nditalandira chipeleganyu cha kuntchito, ndinalowa m'shopu ina ku Old Town n'kutulukamo ndi air fryer. Sindinafunse munthu. Ndinangoona pa Facebook anthu akuonetsa nkhuku yofiirira bwino, ati yopanda ndi dontho lomwe la mafuta, mtima wanga uli dyokodyoko. Ndinafika nayo pakhomo nditaikumbatira pa kabaza ngati khanda lochokera kuchipatala. Madamu anatsegula katoni, anakoka kadilowa kake, anasuzumira mkati, kenako anandiyang'ana n'kufunsa modekha kuti, "Bambo, ndiye nsima ilowa pati?"

Timakhala ku Area 25, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Tonse timagwira ntchito, ine ku City Centre, iwo m'tauni, ndipo tilibe wantchito. M'mawa timanyamuka 6 koloko isanakwane. Madzulo minibasi ikayima pamzere wa magalimoto cha ku Area 18, umangodziwa kuti ukafika kunja kutada. Amene amakhala moyo umenewu andivomereza: banja la m'tauni limayesedwa pa ola limodzi lija, kuchokera pomwe wavula nsapato mpaka pomwe wasamba m'manja kuti udye. Mikangano yambiri ya m'nyumba mwathu inabadwira pa ola limeneli, wina ali ndi njala, wina watopa, makala akukana kuyaka. Ndiye maganizo anga ndi akuti chipangizo chilichonse cholowa m'khitchini chizifunsidwa za ola limenelo basi. Kukongola kwake pa chithunzi kulibe ntchito.

Ndisainamizire air fryer yanga. Tchipisi imapanga chabwino, ngakhale sichifika pa cha pachiwaya. Nthuli za nkhuku zimatuluka zokhutumuka kunja, zofewa mkati. Kwenikweni ndi kauvuni kakang'ono kokhala ndi fani yozunguza mpweya wotentha, palibe matsenga ena. Koma taganizani zimene timadya kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Nyemba, usipa, nkhwani wotendera, thelere, mazira a tomato. Zonsezi zimafuna msuzi, ndipo makinawa ndi msuzi sagwirizana. Tsiku lina ndinachita makani n'kuikamo usipa. Fani ija inauuluza m'kadilowa monse, unatuluka uli gwa ngati timitengo ta machesi. Madamu anadya osayankhula, ndipo kusayankhula kumeneko kunandipweteka kuposa mawu.

Palinso nkhani ya mayunitsi. Kunsi kwake analembapo mawatsi 1,500, kutanthauza kuti ikayaka mphindi 40 yamwa pafupifupi yunitsi yathunthu. Kadilowa kake nkakang'ono, moti alendo akabwera, ndipo abale akumudzi salengeza pobwera, uyenera kuphika katatu, oyamba kudya akutsuka m'manja omaliza asanaone nyama. Pulagi yakenso inali ya mano atatu ozungulira, ija ya ku Joni, pomwe masoketi athu kuno ndi a mano a makona. Adaputala imene ndinagula inayamba kununkha pulasitiki sabata yomweyo, mpaka tinaitana wamagetsi kudzadula pulagiyo n'kuikapo ina. Inu okonda katundu wa kaunjika, muziwerenga kaye zolembedwa kunsi. Magetsi athu ndi mavoti 230, ndipo chipangizo cha ku America cha mavoti 110 chikangolowa pakhoma, mwambo wa maliro uli pomwepo.

Patapita miyezi iwiri, madamu analandira zawo za ku banki m'khonde. Iwonso sanandifunse, ndipo ndinalibe pakamwa podandaulira. Anabwera ndi pressure cooker yamagetsi, chimphika chosaoneka bwino n'komwe, chokhala ndi chivundikiro cholemera. Ine ndinayamba ndi mantha, chifukwa ndinakula ndikumva kuti mapoto amenewa amaphulika. Tsiku loyamba nthunzi itayamba kutuluka ili fyoo, ndinapezeka ndaima pakhonde ngati ndikuona nyengo.

Mphika umenewu ndi umene wasintha nyumba yathu, ndipo chifukwa chake ndi nyemba. Pa mbaula nyemba zimafuna maola awiri kapena atatu, kuthira madzi kangapo, kuwonjezera makala, kupemerera. N'chifukwa chake kwathu zinali ndiwo za Loweruka, tsiku lochapa, pamene munthu ali pakhomo tsiku lonse. Mu mphika uja, tikaziviika m'mawa ponyamuka, madzulo zimapsa nsima isanathe kuomoledwa bwinobwino. Chinsinsi chake ndi chakuti nthunzi ikatsekeredwa, madzi amatentha kupitirira madigiri 100 asanayambe kuwira, kufika cha m'ma 115, ndiye chakudya cholimba chimagonja msanga. Kuno ku Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera chonchi madzi a m'poto wamba amawira asanafike n'komwe pa 100. Agogo athu sankalakwitsa kuteleka nyemba mbandakucha. Ndinayesa kuwerenga mita ndisanayatse komanso nditazimitsa: poto yense wa nyemba sanamalize yunitsi imodzi, chifukwa mphikawo ukangotentha umadzizimitsa wokha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Mang'ina, nkhuku yachikuda yokalamba ija apongozi amatumiza, nandolo wouma, zonse zinabwerera pa mndandanda wa pakati pa sabata.

Koma chachikulu chimene chinasintha ndi ine. Zaka zonsezi ndinkabisala kuseri kwa mawu akuti sindidziwa kukoleza mbaula. Lero ndikafika msanga ndimatsuka nyemba, ndimadula anyezi ndi tomato, ndimadina batani. Madamu akamalowa amangofikira mthiko. Zimandichititsa manyazi pang'ono kuti pamafunika batani kuti mwamuna wamkulu ndevu pepeya apeze khomo la khitchini, koma azibambo anzanga tisanamizane, timakonda zinthu zoyaka timagetsi. Vuto lathu ndi lakuti timagula chimene chatisangalatsa m'maso, osafunsa munthu amene manja ake akhala m'madzi otsukira mbale zaka zonsezi. Ine ndinagulira alendo a pa Facebook. Madamu anagulira Lachiwiri madzulo.

Musaganize kuti mbaula inasamuka. Ili pomwepo kuseri kwa chitseko, ndipo palibe amene akuganiza zoitaya. Amene analipo mu 2022 akukumbukira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komweko, ndiye banja loika chikhulupiriro chonse pa soketi lidzagona ndi njala tsiku lina. Palibe chowawa ngati magetsi kuthima phala litangoyamba kuthakatha, ufa uli m'manja. Ifeyo pano nsima timaphikira pa gasi, ndiwo zolimba mu mphika wamagetsi, ndipo mbaula imadikira tsiku limene silinda yauma mwezi usanathe. Thumba la makala limene kale linkatha mwezi umodzi tsopano likumadutsa miyezi itatu. Ndikamaona njinga zija zikutsika ndi matumba kuchokera cha ku Dzalanyama, komwenso kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa, sindidzitama kuti ndapulumutsa nkhalango, koma chikumbumtima chimapepukako.

Apongozi atabwera kuchokera ku Ntcheu anauyendera mphikawo ngati akuyendera dimba la eni. Atalawa nyemba anati, "Bambo, zapsa ndithu, koma zikusowa kafungo ka utsi." Ndinavomera mwaulemu kuti n'zoona amayi, ndipo sindinanene kanthu pamene anapempha kuti awawonjezere. Pa blender ndiye anapambana iwo. Tinkafuna kuwaonetsa kuti nsinjiro za masiku ano sizifuna mtondo, ine n'kudina batani nthawi yaitali, mtedza wonse n'kusanduka chiponde. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ndipo mwezi wotsatira kamtondo kakang'ono kanafika pa basi.

Zinthuzi sizotchipa, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti pafupifupi zonse zimachokera kunja. Ndiye musanatulutse ndalama funsani wogulitsayo ngati labala ya chivundikiro imapezeka ikatha, chifukwa popanda kalabala kameneko mphika uja ndi chidebe chabe. Funsaninso ngati pali wokonza m'tauni muno. Akayamba kuyang'ana kudenga, tulukani.

Air fryer ija pano ili pamwamba pa kabati, madamu anaifunditsa kansalu koluka kuti isalowe fumbi. Imatsika Loweruka lotsatira malipiro, tikagula nkhuku ya m'shopu, ndipo tsiku limenelo ndimayenda m'nyumba ngati mwini fakitale. Dzulo anandiuza kuti, "Bambo, bwanji tingoigulitsa tigule silinda yokulirapo?" Ndinayankha kuti andipatse mpaka Khirisimasi ndiganize. Amene mukuifuna ndipezeni ku inbox, pulagi tinasintha kale, koma madamu asamve kuti ndavomera.