Agogo amodzi, maina anayi, mayiko anayi

Aliyense amene anayesapo kulondola mbiri ya banja lake akudziwa kuti agogo amene anayenda sapezeka ndi dzina limodzi. Anali ndi la paubwana, atavinidwa analandira lina, kumishoni anawabatiza lachitatu, ndiye kalaliki wa kumgodi n'kulemba chimene khutu lake linamva. Nkhani imagona pakuti boma la dziko lililonse linasunga dzina liti, kuyambira chaka chiti.

Pamenepa anzathu a ku Zambia ndimawasirira. Iwo anayamba kupereka chitupa cha unzika chotchedwa NRC mu 1965, ndipo pachitupapo pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma lakwawo kwa munthu. Dzina likasokonekera, mudzi ndi mfumu zimakubwezera panjira. Vuto lawo ndi lina: ku Chipata, Katete ndi Petauke anthu ambiri anatenga mfunda kukhala dzina lachiwiri, choncho ukafuna John Phiri umapeza khamu lonse la a John Phiri, osadziwa wako ndi uti.

Kuno kwathu ku Malawi ambiri ankalembetsa dzina loyamba la bambo awo ngati lachiwiri, moti mbadwo uliwonse unkasintha. Lamulo la atsamunda la 1904 silinkakakamiza anthu akuda kulembetsa ana obadwa. Lamulo latsopano linabwera mu 2010, kulembetsa ana kunakhala kokakamiza mu 2015, ndipo zitupa za unzika tinazilandira pa kalembera wa 2017. Zaka zoposa 50 kumbuyo kwa Zambia! M'zaka zonsezo munthu ankangodzitchula yekha. Wolephera kusankhidwa kupita ku sekondale ankabwereza Sitandade 8 ndi dzina la mbale wake, n'kukalamba nalo dzinalo mpaka pa penshoni. Ngakhale pulezidenti wakale Bingu wa Mutharika anabadwa ali Brightson Webster Ryson Thom. Mdzukulu wofufuza dzina loti Mutharika m'kaundula wa sukulu ya pulayimale angabwerere manjamanja.

Ku Mozambique mapepala analipo kale, popeza Apwitikizi ankafuna munthu wakuda aziyenda ndi kabuku kotchedwa caderneta, ndipo lamulo losiyanitsa eni dziko ndi ena linathetsedwa mu 1961. Koma cholembera chinali cha Chipwitikizi. Ku Angónia, Mwale anasanduka Muale, Kamwendo n'kukhala Camuendo, Yohane n'kukhala João. Pachibale pa mayi mmodzi, wina tsidya lino la msewu wa pa Lizulu wina tsidya linalo, papepala amaoneka ngati sadziwana n'komwe. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, inawonjezera chisokonezo: anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno, ena n'kulembetsa ana kusukulu zathu ndi kalembedwe ka kuno.

Ku Zimbabwe ndiko kumandiwawa mtima. Opita ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kukagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi ankapatsidwa dzina losavuta pakamwa pa bwana, monga Sixpence kapena Tickey, ndipo limenelo ndilo linkakhala pachitupa. Kumudzi dzina limenelo salidziwa, kufamu nako dzina la kumudzi salidziwa. Ashona ankangowatcha onse Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, kaya munthu wachokera ku Dowa kaya ku Nkhata Bay. Ana a matchona amenewa anakula ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, kufikira malamulo aakulu a 2013 atazindikira kuti obadwira komweko kwa makolo a m'mayiko a SADC ndi nzika.

Ine ndimati wofufuza wa kuno ayambire kutchalitchi, osati kuboma. Mabuku a ubatizo a mishoni zakale ngati Nkhoma, Mua ndi Likoma ndiwo anayamba kulemba anthu wamba, ndipo kawirikawiri amatchula mudzi ndi makolo. Ku National Archives ku Zomba mupiteko mutasonkhanitsa kale maina onse a munthuyo, ndi kalembedwe kake konse, Chirwa ndi Chilwa yemwe. Za agogo aakazi ndiye konzekani kuvutika, chifukwa zidzukulu zambiri zimangowadziwa kuti a Nabanda kapena a Naphiri, pamene m'buku la mpingo analembedwa Esitere. Funsiranitu azakhali achikulire adakali moyo kuti dzina la ubatizo la agogowo linali ndani, ndiponso anabatizidwira mpingo uti.