Zivomerezi za 2010 komanso nkhani ya "masiku otsiriza", maganizo anga

Abale anga, ine nkhani yomati kukangochitika chivomerezi kwinakwake aliyense athamangire kulemba kuti "awa ndi masiku otsiriza, tilape" imanditopetsa. Kulapako sindikuletsa ayi, lapani ndithu, nanenso ndimapemphera. Koma mawu amenewa anthu amangotsekera nawo nkhani, munthu akatero basi wamaliza, safunsanso kuti nanga zimatheka bwanji dziko lina kufa anthu 500 lina kufa oposa 100,000 chonsecho nthaka inagwedezeka kwambiri kumene kwafa ochepako. Ndiye tiyeni titenge chaka chimodzi chokha, 2010, chifukwa chaka chimenechi chinaonetsa zonse poyera.

Pa 12 Januwale 2010, Lachiwiri, nthawi ili 4:53 madzulo, ku Haiti kunachitika chivomerezi cha 7.0. Chinayambira pafupi ndi tauni ya Léogâne, makilomita 25 okha kuchoka mu likulu la Port-au-Prince, komanso sichinali chozama, makilomita 13 pansi pa nthaka. Sichinathe ndi mphindi imodzi yomwe koma mzinda unali utapita. Nyumba ya boma ya pulezidenti René Préval inaphwasuka, tchalitchi chachikulu cha Katolika chinagwa, akibishopu Joseph Serge Miot anafa, likulu la UN la m'dzikomo linagwa ndikupha mkulu wake Hédi Annabi, antchito a UN okha anafa oposa 100, ndende yaikulu inagumuka akaidi pafupifupi 4,000 ndikuthawa. Tangoganizani, anthu amene amayenera kubwera kudzakupulumutsani nawonso ali pansi pa zipupa. Chiwerengero cha akufa mpaka lero anthu amakanganabe, boma linanena kuti 316,000, ofufuza ena amati chili pakati pa 100,000 ndi 160,000, ndipo kusiyanaku kukuchokera poti mitembo imanyamulidwa pa malole ndikukathiridwa m'maenje akuluakulu ku Titanyen popanda wolemba mayina. Opanda bokosi, opanda mwambo, achibale osadziwa kuti m'bale wawo wagona pati. Anthu 1.5 miliyoni anatsala m'matenti.

Pasanathe masabata 7, pa 27 Febuluwale, 3:34 usiku anthu ali mtulo, kunabwera cha ku Chile, cha 8.8. Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka, timaona ngati 7.0 ndi 8.8 zayandikana. Ayi ndithu. Sikelo imene ija siyenda ngati ya chimanga, ukakwera ndi 1 mphamvu yake imachulukitsidwa pafupifupi ka 32, ndiye 8.8 ndi mphamvu yoposa ya 7.0 pafupifupi ka 500. Nthaka inagwedezeka pafupifupi mphindi zitatu. Anafa anthu 525.

Ndikudziwa wina anena kuti koma cha ku Chile chinayambira m'nyanja komanso chinali chozamirapo, makilomita 35, pomwe cha ku Haiti chinali pakhomo penipeni pa mzinda wodzaza anthu. Zoona zimenezo, sindikukana. Koma Concepción, mzinda waukulu ndithu, unagwedezeka koopsa ndipo nyumba zambiri zosanjikizana zinang'ambika koma zinaima, anthu anatsika pa masitepe ndikutuluka amoyo. Nyumba yosanja ya Alto Río imene inagwa chagada mumzindamo inakhala nkhani ya dziko lonse, mpaka kukhoti, chifukwa kwa iwowo nyumba yatsopano kugwa ndi mlandu, simangoti zachitika basi.

Anthu a ku Chile sikuti ndi oyera mtima kuposa a ku Haiti. Anaphunzira ndi misozi. Mu 1960 ku Valdivia kunachitika cha 9.5, chachikulu kuposa china chilichonse chimene makina anayezapo padziko pano, ndipo m'dziko muja munthu aliyense wamkulu anamvapo nthaka ikuvina kangapo. Ndiye malamulo a kamangidwe ndi okhwima ndipo amawatsatiradi, injiniya amawerengera zitsulo, wina amabwera kudzaona ngati zimene zili pa pulani ndi zimene zalowadi mu konkire, ndipo kampani yomanga imakhalabe ndi mlandu kwa zaka 10 ngati nyumbayo yapezeka ndi vuto pa kulimba kwake.

Ku Haiti kunalibe zimenezo. Port-au-Prince inali isanaone chivomerezi chachikulu chiyambire 1770, ndiye anthu mantha awo anali pa mphepo za mkuntho zimene zimabwera chaka ndi chaka, ndiye amathira silabu yolemera pamwamba kuti denga lisauluke, koma silabuyo yakhala pa mabuloko a simenti yochepa mchenga wambiri, mapilala owonda, zitsulo zochepa. Nthaka itangosuntha, denga lomwe limawateteza ku mphepo lija ndi lomwe linawaphwanya. Ndipo chizindikiro chinalipo kale. Mu Novembala 2008 ku Pétion-Ville sukulu ina yosanjikizana inangogwa yokha, popanda chivomerezi chilichonse, ndikupha anthu oposa 90, ambiri ana, ndipo mwini wake anali mlaliki amene anaimanga yekha popanda injiniya. Chaka chomwecho akatswiri a za miyala anali atachenjeza kuti mng'alu wa pansi pa nthaka wa Enriquillo, umene umadutsa pafupi ndi mzindawo, ukhoza kutulutsa chivomerezi cha 7.2. Koma boma lopanda ndalama, lomwe chaka chimenecho linali litangomenyedwa ndi mikuntho inayi motsatizana, likanagwetsa mzinda wonse ndikumanganso?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Tsiku lotsatira, anthu akadali kukuwa pansi pa zigumukire, mlaliki wa ku America Pat Robertson anakhala pa TV ndikunena kuti Haiti ndi yotembereredwa chifukwa makolo awo anapangana ndi satana kuti amasuke kwa Afalansa. Eti akapolo amene anamenya nkhondo ndikudzimasula okha mu 1804 ndi amene ali ndi mlandu. Sanatchule kuti mu 1825 France inabwera ndi sitima za nkhondo ndikulamula kuti Haiti ilipire ndalama zokwana ma franc 150 miliyoni ngati chipepeso kwa eni akapolo, inde mwamva bwino, kapolo kulipira mbuye wake chifukwa chothawa ukapolo, ndipo ngakhale anadzatsitsa kufika pa 90 miliyoni, ngongole imeneyi ndi zina zimene anatenga kuti aibweze zinayamwa dzikolo mpaka zaka za m'ma 1900. Onjezanipo ulamuliro wankhanza wa banja la Duvalier ndi kuba kwake. Ngati mukufuna temberero ndi limenelo, lili ndi madeti ndi malisiti. Ndiye tikamalemba zija za "Mulungu wakwiya nawo" tidziwe kuti tikuimba nyimbo ya ndani.

Komatu ku Chile nakonso sikuti zonse zinayenda bwino. Ofesi ya asilikali a pamadzi imene imayang'anira za tsunami inachotsa chenjezo mwachangu, akuluakulu ndikuuza anthu kuti kulibe choopsa, mafunde akubwera. Anasesa matauni a m'mbali mwa nyanja a Constitución, Dichato, Talcahuano, ndipo anthu oposa 100 mwa akufa aja anafa ndi madzi osati nyumba. Ambiri amene anapulumuka ndi asodzi ndi mabanja awo amene sanadikire wailesi, anangotsatira zimene anauzidwa ndi makolo kuti nthaka ikagwedezeka mpaka kulephera kuima, thawira kumtunda. Pa chilumba cha Robinson Crusoe anali mtsikana wa zaka 12 amene anaona maboti akugundana padoko ndikuthamanga kukaliza belu la pabwalo kudzutsa mudzi. Ndipo pa 11 Malichi, Michelle Bachelet akupereka mpando wa upulezidenti kwa Sebastián Piñera, nthaka inagwedezekanso mwambo uli mkati, mapulezidenti obwera kudzaonerera maso ali kudenga.

Chaka chinapitirira. Pa 14 Epulo ku Yushu, dera la anthu a chi Tibet m'chigawo cha Qinghai ku China, cha 6.9 chinapha anthu pafupifupi 2,700, nyumba zambiri zinali za dothi ndi mitengo, ndipo malowo ndi okwera kwambiri moti opulumutsa anthu ochokera kumunsi amadwala ndi kuchepa kwa mpweya, amonke achibuda ndi amene anayamba kufukula anthu ndi manja. Pa 25 Okutobala ku zilumba za Mentawai ku Indonesia cha 7.8 sichinamveke mwamphamvu kwenikweni pamtunda, ena sanaone chifukwa chothawira, patangopita mphindi zochepa tsunami inalowa m'midzi ndikupha anthu oposa 400, mawa lakenso phiri la Merapi ndikuphulika m'dziko lomwelo.

Koma chimene ndimafuna muchione ndi cha ku New Zealand. Pa 4 Sepitembala, 4:35 m'bandakucha, cha 7.1 chinagunda makilomita 40 kuchoka mu mzinda wa Christchurch. Kukula kwake ngati cha ku Haiti chomwe, mtunda wakenso wosasiyana kwambiri. Palibe amene anafa chifukwa chogweredwa ndi nyumba. Apa pali zonse ziwiri, kamangidwe ndi mwayi, chifukwa anthu anali atagona m'nyumba zawo zamatabwa zopepuka, mashopu a njerwa akale amene anagumuka m'tauni munalibe anthu. Pa 22 Febuluwale 2011 chinabweranso chaching'ono, cha 6.3, koma pafupi kwambiri ndi mzinda komanso masana 12:51 anthu ali ku ntchito, chinapha 185, ndipo 115 mwa amenewa anafera m'nyumba imodzi yokha ya wailesi ya kanema ya CTV imene kafukufuku anadzapeza kuti pulani yake inali yolakwika ndipo siimayenera kuvomerezedwa. Mwaonatu, ngakhale kwa olemera, anthu ambiri anafera pamene wina anasainira chinthu chosayenera kusainidwa.

Za thandizo limene linapita ku Haiti ndingolankhula pang'ono chifukwa ndikayamba sindimaliza. Mayiko analonjeza mabiliyoni a madola, mabungwe anadzaza mzinda ndi magalimoto oyera, koma ndalama yochepa kwambiri ndi imene inadutsa m'manja mwa boma la Haiti kapena makampani a anthu a konko. Mu Okutobala 2010 kunabuka kolera, matenda amene kunalibe m'dzikomo, ndipo inachokera ku kampu ya asilikali a UN ochokera ku Nepal pafupi ndi Mirebalais, zonyansa za m'zimbudzi zawo zinalowa mu kamtsinje kothira mu mtsinje wa Artibonite umene anthu amamwa. Inapha anthu pafupifupi 10,000. UN inakana kwa zaka, mlembi wake wamkulu wa nthawi imeneyo Ban Ki-moon anadzapepesa mu Disembala 2016. Apanso ndiuzeni, nthaka inalakwa chiyani pamenepa?

Ndiye ife tisamaonere ngati filimu. Kutangotsala mwezi umodzi kuti za ku Haiti zichitike, mu Disembala 2009, Karonga inagwedezeka kangapo, pa 6, pa 8, kenako pa 19 cha 6.0, anafa anthu 4, nyumba masauzande zinagwa kapena kung'ambika, anthu kumagona panja nthawi ya mvula. Achikulire a ku Salima akukumbukira cha pa 10 Malichi 1989 chimene chinapha anthu 9 ndikusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Nyanja yathu yomwe timanyadira ija ili mu chigwa cha Rift Valley, ndi mng'alu umene ukung'amba Africa pang'onopang'ono, ndiye zivomerezi kuno si alendo. Chimene chatipulumutsa mpaka pano n'choti nyumba zathu zambiri ndi zapansi, denga la udzu kapena malata, zikagwa zimavulaza koma siziphwanya anthu 100 nthawi imodzi.

Koma taonani mmene tikumangira panopa m'matauni. Aliyense akufuna nyumba yosanja, mashopu pansi malo ogona pamwamba, mahositelo a ana asukulu, matchalitchi akuluakulu. Bwana akugula matumba 50 a simenti pamene mmisiri ananena 80, ndikumuuza kuti "mungoona mochitira, zinthu zadula". Mmisiri naye pa 50 pomwepo akubisapo 5 okagulitsa. Thumba limodzi likuumba mabuloko ochuluka moti ukakanda ndi chala mchenga ukuyoyoka. Pamene pamafunika zitsulo za Y12 akuikapo zowondako za Y10, ring beam ena amaiona ngati kuwononga ndalama, njerwa akumangira dothi kenako pulasitala wokongola pamwamba ndi penti, ndipo pulani imene inapita ku khonsolo ndi ina, imene ikumangidwa ndi ina. Zitachitika za ku Karonga kunatuluka kabuku ka malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, koma kafunseni mmisiri amene akukumangirani ngati anakaonapo.

Ndikudziwa simenti yadula, musandiuze, tonse tikugula pa mtengo womwewo. Ine maganizo anga ndi oti ngati ndalama yakwana nyumba yapansi yokha, mangani yapansi yolimba, m'malo mokakamira yosanja ya mapilala owonda ndikulowetsamo ana a eni ake kuti azilipira lendi. Ndipo amene muli ndi abale ku Joni kapena ku UK amene mumangotumiza ndalama ndikulandira zithunzi pa WhatsApp, uzani wokuyang'anirani ntchitoyo akujambulireni zitsulo asanathire konkire, muwerenge nokha kuti mu pilala iliyonse mwalowa zingati.