Inu amene simunagwepo tatiuzeni

Lero ndachoka kutchalitchi mtima ukuwawa ndipo mpaka pano sunatsike. Mnyamata wina amene anasowa kwa miyezi chifukwa cha mowa lero wabwera, wakhala benchi yakumapeto pafupi ndi khomo, mutu uli pansi. Nthawi ya maumboni mayi ena aimirira maiki ali m'manja, akuti ine zaka 30 ndili mwa Ambuye sindinagwepo ngakhale kamodzi, sindili ngati ena obwera kuno akununkha. Akuyankhula choncho maso ali kumbuyo. Anthu nkumati ameni! Mnyamata uja wangonyamuka mwakachetechete nkutuluka.

Mayi, pepani ndinu akuluakulu, koma simunagwepo? Inuyo? Ndiye Yesu anafera ndani pamtanda paja ngati inu munali bwinobwino kale? Palibe amene waima ndi mphamvu zake. Mwaima chifukwa wina wakugwirani dzanja basi, atakusiyani tsiku limodzi lokha tonse tikhoza kudabwa.

Petro anauza Yesu maso ndi maso kuti olo onse akusiyeni ine ayi, usiku womwewo anamukana katatu tambala asanalire, poyamba pamaso pa mtsikana wantchito, kenako mpaka kulumbira kuti samudziwa. Petro ameneyo amene anayenda pamadzi! Davide yemwe timaimba masalimo ake anatenga mkazi wa Uriya nkukonza zoti mwamunayo akafere kunkhondo. Ndiye inu mwaposa onsewa eti?

Kaya ndi kuzolowera mpando wakutsogolo kaya nchani sindikudziwa. Koma zimene mwachitazi zili kale pa Luka 18, Mfarisi uja anaima nkumathokoza Mulungu kuti sali ngati anthu ena, akusala kawiri pa sabata, chakhumi akupereka, pomwe wamsonkho waima patali sakufuna ngakhale kukweza maso kumwamba, akungodziguguda pachifuwa kupempha chifundo. Amene anapita kwawo Mulungu atamulandira ndi wamsonkhoyo. Wa pakhomo uja.

Ine ndemwe ndili ndi zanga zoti zitaonetsedwa pa sikirini kutsogoloko sindingabwerenso, nanunso muli nazo. Kusiyana kwake nkwakuti tchimo la mnyamatayo limanunkha, lanu la kunyada ndi miseche lilibe fungo, mumalowa nalo mpaka kukwaya wina osakuzindikirani. Chaona mnzako chapita mawa chiona iwe.

Ndipo inu oyankha ameni pa chilichonse mumanditopetsa kwambiri. Munthu akunyozedwa pamaso panu inu mukuomba m'manja, palibe ngakhale mmodzi amene wamutsatira panja, inenso ndangokhala phee ngati ndamatidwa pabenchi ndipo zikundichititsa manyazi. Madzulo ano pa gulupu ya WhatsApp mwayamba kale kutumizirana mavesi a nkhosa yotayika ndi timitima tofiira, nambala yake ya mnyamatayo mmodzi yemwe waifunsa?