Utsi wa AI m'maofesi athu kuno ku chigwa: tiyambe tawerengera

Anzanga a m'maofesi a ku Chikwawa, Nchalo, Bangula ndi Nsanje, kwamveka zoti aliyense wolembetsa lipoti kwa ChatGPT kapena Gemini akuononga chilengedwe. Kuno kumene namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakokolola midzi, za kusintha kwa nyengo sitizitenga mwachibwana. Komabe ine ndikuona kuti pa mpweya woipa umene ofesi ya kuno imatulutsa, wa AI, makina oyankha mafunso ngati ChatGPT ndi Gemini, ndi wochepa, ndipo gwero lalikulu lili pakhonde pathu pomwe.

Mukafunsa funso, ntchito sichitikira mu laputopu yanu. Imachitikira m'nyumba zikuluzikulu za makompyuta kunja kwa dziko lino, zimene zimadya magetsi ndi madzi oziziritsira makina. Bungwe la International Energy Agency linati mu 2024 nyumba zoterezi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse apadziko, ndipo pofika 2030 zidzadya kuposa kawiri pamenepo. Vuto lilipo ndithu.

Nanga funso limodzi? Mu 2025 Google inati funso wamba la mawu pa Gemini limadya 0.24 Wh (Wh ndi muyezo wa magetsi, wati imodzi kwa ola limodzi), pamene Sam Altman wa OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, anati la ChatGPT limadya 0.34 Wh. Awa ndi eni malonda akudziyeza okha, ndipo magetsi ophunzitsira makinawo poyamba sali m'chiwerengeromo, choncho musawameze onse. Koma tiwagwiritse ntchito: yunitsi imodzi, yonga timagula ku ESCOM ija, ndi 1,000 Wh, ndiye ikukwana mafunso 3,000 mpaka 4,000.

Tiyerekeze ofesi ya anthu 10, aliyense mafunso 50 patsiku. Ndi mafunso 500, pafupifupi 150 Wh. Ngakhale magetsiwo atachokera ku malasha okhaokha, mpweya wake ndi magalamu ngati 150. AC (makina oziziritsa mu ofesi) ya mawati 1,200, imene mu Okutobala kuno sipuma, imamaliza magetsi omwewo m'mphindi 8. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa mpweya woipa wa makilogalamu pafupifupi 2.7, ya petulo 2.3. Ndiye kuti jenereta ikapsereza lita imodzi yokha, yafanana ndi mafunso a ofesi yonseyo a masabata oposa awiri. Pikapu yodya malita 10 pa makilomita 100, kupita ku Blantyre kuchokera ku Nsanje n'kubwerako, yatulutsa makilogalamu ngati 90. Ulendo wokangosiya fomu umenewo.

Magetsi a ESCOM ambiri ndi amadzi, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho utsi wake ndi wochepa. Akathima n'kulizidwa jenereta kuti bwana amalize lipoti, m'pamene mpweya umakwera. Tinaziona namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka chathunthu ndi miyezi.

Izi sizikupereka chilolezo chosakaza. Pali pomwe AI imadya kwambiri, ndipo ambiri sadziwa chifukwa chake.

Choyamba, makinawa amawerenganso zokambirana zonse nthawi iliyonse mukawonjezera funso. Mukaika PDF ya masamba 80 n'kufunsa mafunso 30 pamalo amodzi, masamba aja amalowa m'ntchito pa funso lililonse. Ikani chigawo chokhacho chimene mukufuna, ndipo nkhani ikasintha tsegulani macheza atsopano. Netiweki ikagwa, monga imachitira kuno, dikirani kaye muone ngati yankho lafika musanatumizenso.

Zithunzi zimadya kangapo kuposa mawu, mavidiyo ndiye kwambiri zedi. Positala ya msonkhano wa alimi a thonje sifunika zithunzi 15 zopangitsa, zimenenso zimatuluka ndi minda yosafanana ndi ya ku Ngabu. Jambulani ndi foni. Chimodzimodzi njira ija imene makina amayamba aganiza nthawi yaitali asanayankhe: isungireni bajeti yovuta, osati kalata yopempha tchuthi.

Palinso za chilankhulo. Makinawa amaduladula mawu m'tizidutswa, ndipo Chichewa ndi Chisena amazidula tizidutswa tambiri kuposa Chingerezi, ndiye chiganizo chomwecho chimadya magetsi ochulukirapo. Chisena chake chimatulukanso chopindika, munthu n'kubwereza kasanu osakhutira. Uthenga wochenjeza anthu a kufupi ndi Dambo la Ndindi za kusefukira kwa madzi ulembedwe ndi munthu wa konkuno, udzamveka msanga.

Funso lenilenilo lilembeni lokwanira ulendo umodzi: lipotilo ndi la yani, likhale lalitali bwanji, ziwerengero zake ndi ziti. Ntchito zolemera muzichite magetsi a ESCOM alipo. Ndipo ofesi imene ili ndi kandalama, isanayambe kuletsa antchito ake AI, igule sola ndi batire yokwana kuyendetsa rauta ndi malaputopu, amene lililonse limadya mawati 40 mpaka 60 okha, kuti magetsi akathima masana jenereta isalizidwe.