Kufupika si ubwana, amayi inu

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ku bridal shower ina ku Chibavi, nthawi ya malangizo itakwana anati ana onse atuluke. Palibe vuto. Koma mayi wina anatambasula chala n'kuloza mng'ono wanga: "Iwenso kamwana, tuluka, izi si zako." Mng'ono wangayo ali ndi zaka 27, ndi wamkulu kuposa mkwatibwi amene amalangizidwayo. Nditawauza, m'malo mopepesa anamuyang'ana pachifuwa n'kuseka, amvekere, "Aaa, uyu sanathe n'komwe msinkhu." Pamaso pa anthu, holo yodzaza!

Amayi inu, munthu wa zaka 27 si kamwana. Kaya akulekezerani m'khwapa, si kamwana. Amadzuka m'mamawa ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno kupita kuntchito, amalipira yekha lendi ku Katawa, amalipirira fizi mwana wa achimwene athu. Mapoto aja munawaimbira nthungululu aja anagula ndi ndalama za thukuta lake. Mphatso yake munalandira ndi manja awiri, mwiniwake mukuti atuluke ndi ana?

Mng'ono wangayu ali ndi Turner syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachititsa mtsikana kukhala wamfupi ndiponso thupi lake kusakhwima palokha. Anabadwa ndi kromozomu X imodzi m'malo mwa ziwiri (makromozomu ndi tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa cha munthu), basi, palibe analakwa. Zimagwera mtsikana mmodzi mwa pafupifupi 2,500 obadwa, ndipo dokotala wa ku America, Henry Turner, anazifotokoza kalekale mu 1938. Inu mpaka lero mukuyezabe ukulu wa mkazi ndi mabere.

Mukudziwa zomwe amasenza? Kuti thupi likhwime ndiponso mafupa asafooke, amamwa mankhwala a estrogen, chifukwa thupi lake silipanga okwanira. Amayenera kukapimitsa mtima nthawi ndi nthawi, poti ambiri a vutoli amabadwa ndi mtsempha waukulu wa mtima wopanikizika kapena valavu yolakwika. Makutu amamuvuta, mukamulankhula muli kumbuyo kwake mawu ena amamudutsa. Ndipo zoti mwina sadzabereka wake mwana anazimva kwa adokotala, analira, anapukuta misozi yekha n'kupitiriza moyo. Munthu wadutsa zonsezi inu mukumutcha kamwana? Mwana angazikwanitse zimenezi?

Ndi mayi. Ndi mzimayi wathunthu, wanzeru zake, woyenera kupatsidwa mpando ndi kutchulidwa "inu". Osati "kaiwe", osati "kakang'onoka", osati kumugwira patsaya ngati khanda. Nawonso makondakitala pa depoti, mulekeretu zomuuza kuti akhale pamiyendo pa munthu chonsecho walipira mpando wonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanunso muli ndi ana aakazi ndi zidzukulu m'mimbamo, simudziwa adzabadwa otani.

Ndipo inu ena obwera ndi nkhope zachifundo, omati "mwayesako kwa asing'anga?", "pitani naye kuphiri akamupempherere, anamumanga ameneyu", nanunso mwanditopetsa. Amayi athu anapirira zaka ndi zaka akunenedwa kuti anakhwimira mwana wawo kuti geni ya tomato iziyenda. Tomato wa pa msika! Anagulitsa mbuzi kupereka kwa anthu olonjeza kuti mwana atalika, mbuzi zinatha, ndipo onena aja palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa.