Seva ya pakhomo imafuna mwini wake

Masiku ano ndikuona anthu ambiri akunyadira kuti atenga kompyuta yakale, aikamo Linux (operating system, kutanthauza pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta), ndipo tsopano ali ndi seva yawoyawo m'nyumba yosungira zithunzi, mafilimu ndi zikalata za banja. Ndimakondwera nawo chifukwa inenso ndinadzera njira yomweyo. Komabe maganizo anga ndi akuti tsiku loika operating system ndi lopepuka kuposa masiku onse amene amabwera pambuyo pake, ndipo munthu amene sangapeze ola limodzi kapena awiri pamwezi osamalira makinawo, ndi bwino asawatsegulire khomo la ku intaneti.

Chimene chachulukitsa makompyuta otere n'chodziwika. Kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, motero makina ambiri amene akadali ndi mphamvu anangotsala m'malere. Kuwataya n'kuwononga, ndipo mitundu ya Linux ngati Debian, imene Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, kapena Ubuntu, imene inatuluka koyamba mu 2004, imayenda bwinobwino pa makina oterowo. Munthu amakopera fayilo imodzi, n'kuilemba pa flash disk, n'kuyankha mafunso ochepa a chiyankhulo, dzina ndi kagawidwe ka diski, ndipo ola lisanathe seva imakhala itadzuka. Kuphweka kumeneku n'kumene kumanyenga, chifukwa munthu amachoka pampando akuyesa kuti wamaliza.

Ine ndinazindikira kuti ntchito sinathe pamene ndinatsegula port 22 (limodzi mwa makomo a ku intaneti) pa rauta, kabokosi kolumikiza nyumba ku intaneti, kuti ndizitha kulowa mu seva yanga ndili kutali kudzera pa SSH, njira yolamulira kompyuta uli kwina. M'mawa mwake ndinawerenga log, kaundula wa zochitika pa makinawo, mwachidwi chabe, ndipo ndinapeza mizere yambirimbiri ya alendo amene anagogoda usiku wonse, wina akuyesa dzina la root (akaunti yolamulira chilichonse pa makinawo), wina admin, wina test, wina pi, kuchokera ku ma adiresi amene sindinawaonepo. Panalibe munthu amene ankandidziwa kapena kufuna zithunzi za ana anga. Awa ndi mapulogalamu amene amayendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kuyesa chitseko chilichonse chimene apeza, ndipo sasankha kuti ichi ndi cha kampani yaikulu kapena cha munthu wamba. Anthu amene amati "ndani angalimbane ndi kaseva kanga" sanaimvetse mfundo imeneyi. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi marauta ochuluka kwambiri pongoyesa mayina ndi mapasiwedi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera ku fakitale, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito kusokoneza kampani ya Dyn, imene inkathandiza makompyuta kupeza masamba a pa intaneti, mpaka masamba akuluakulu ngati Twitter ndi Netflix anavuta kufikika. Eni zipangizozo ambiri sanadziwe n'komwe kuti katundu wawo ali ku nkhondo.

Nkhani ya WannaCry, pulogalamu inanso yoipa, imandiphunzitsa china. Inabuka mu Meyi 2017, ikulowa m'makompyuta a Windows kudzera pa port 445 yogawanirana mafayilo, koma Microsoft inali itatulutsa kale update yotseka mpatawo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anapwetekeka ambiri anali oti mankhwala analipo kwa miyezi iwiri koma sanamwe. Ogwiritsa ntchito Linux amakonda kuseka nkhaniyi ngati kuti iwo sizingawagwere, koma seva ya Debian imene yatha chaka osaona update ili pangozi ya mtundu womwewo. Walira mvula walira matope, ndipo matope a seva ndi ma update amene satha.

Zimene ndimachita pa mbali imeneyi si zambiri. Ndinaletsa kulowa ndi pasiwedi pa SSH, n'kusiya makiyi okha (mafayilo achinsinsi olowera), ndinaletsanso kulowa mwachindunji ngati root. Kenako ndinatseka port 22 pa rauta, ndipo tsopano ndimalowa kudzera pa WireGuard, pulogalamu yopanga njira yotetezedwa yolowera, imene inalowa mu kernel (mtima wa operating system) ya Linux mu 2020 ndipo ili ndi khalidwe limene ndimalikonda: siyankha chilichonse kwa munthu amene alibe kiyi yoyenera, moti wogogodayo sadziwa n'komwe kuti pali chitseko. Ma update a chitetezo ndinawasiyira unattended-upgrades, pulogalamu imene imawaika yokha, ngakhale kuti kernel yatsopano imayamba kugwira ntchito pokhapokha makina azimitsidwa n'kuyatsidwanso, chinthu chimene anthu onyadira kuti seva yawo yatha masiku 400 osazima amachiiwala. Ndi bwinonso kulemba tsiku limene chithandizo cha operating system yanu chidzathe. Ubuntu ya LTS (yothandizidwa kwa nthawi yaitali) imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imalandira chithandizo cha nthawi zonse kwa zaka 5, zaka zimene zimaoneka zambiri mpaka utazindikira kuti zatha.

Koma chimene chinandipweteka kwenikweni sichinachokere kwa akuba a pa intaneti. Chinachokera kwa ine ndemwe. Ndinali nditalemba ka script (kapulogalamu kakang'ono) koti usiku uliwonse pulogalamu ya rsync izikopera mafayilo a banja ku diski yakunja yolumikizidwa pa USB, ndipo nditakayesa kamodzi n'kuona kuti kagwira ntchito, ndinakaiwala. Tsiku lina magetsi atazima n'kuyakanso, seva inadzuka koma diski yakunjayo sinalumikizike pa foda yake. Fodayo inalipobe, yopanda kanthu, ndipo script yanga inapitiriza kuthira mafayilo mmenemo mokhulupirika, kutanthauza kuti inkakopera mafayilo pa diski yomweyo imene ndinkaopa kuti idzafa. Palibe uthenga uliwonse wa vuto umene unabwera, chifukwa kwa rsync ntchito inkayenda bwino. Ndinadzadziwa patapita miyezi, pamene seva inayamba kukana kulemba chilichonse, ndipo lamulo la df linandionetsa kuti diski yaikulu yadzaza 100 peresenti. Nditalumikiza diski yakunja ija ndinapeza kuti fayilo yake yomaliza ndi ya miyezi yapitayo. Ndinakhala chete kwa kanthawi ndikuyang'ana kanyali kake kabuluu, kamene kanayaka nthawi yonseyo ngati kakugwira ntchito. Mwayi wanga unali woti diski yaikuluyo inadzaza isanafe.

Kuyambira pamenepo script yanga imayamba yafunsa ngati diski yalumikizikadi, ndipo ikapanda kuipeza imaima n'kunditumizira uthenga. Chachikulu koposa, kamodzi pamwezi ndimasankha mafayilo angapo mwachisawawa kuchokera mu backup (makope osungidwa paderawo), n'kuwabwezeretsa pa kompyuta ina, n'kuwatsegula ndi maso anga. Sindikhulupiriranso backup imene sindinayesepo kubwezeretsa. Apa ndipatukeko pang'ono ndinene za RAID, chifukwa ndimamva anthu akunena kuti ali ndi madiski awiri ofanana ndiye ali pabwino. RAID 1, njira yolemba zonse mofanana pa madiski awiri, imakutetezani diski imodzi ikafa, basi. Mukafufuta foda molakwitsa, kapena pulogalamu yoipa ikatseka mafayilo anu, cholakwikacho chimalembedwa pa madiski onse awiri nthawi yomweyo. Lamulo lakale la 3-2-1 likadali lanzeru: makope atatu a mafayilo, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba, kumene moto, mphenzi kapena wakuba amene wanyamula seva sangalifikire.

Za magetsi sindichulutsa mawu, masamu ake ndi achidule. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho kompyuta yakale imene imadya mawati 60 osapuma imatha pafupifupi 525 kWh pachaka, pomwe laputopu yakale kapena Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) ya mawati 10 imatha pafupifupi 88 kWh. Laputopu ili ndi ubwino wina woti batire lake limaigwiriziza magetsi akathima mwadzidzidzi, bola muziliyang'ana kuti lisatupe.

Ena adzandiuza kuti ndikuopseza anthu amene akungofuna kuphunzira. Ayi, kuphunzira ndikukulimbikitsa kwambiri, ndipo palibe sukulu yoposa makina amene ungawaononge n'kuwakonzanso popanda wokukalipira. Ikani Debian lero, muisokoneze mawa, muikenso mkuja. Malire amene ndikuika ndi awa: seva yophunzirira isakhale yomweyo imene ikusunga kope lokhalo la zithunzi za ukwati wanu, ndipo isatsegulidwe ku intaneti musanaphunzire kuwerenga log yake. Tsiku limene a m'banja mwanu ayamba kudalira makinawo, mwasanduka woyang'anira seva weniweni, ndipo funso limene liyenera kukuvutitsani ndi lakuti, inu mutadwala kapena mutachokapo kwa mwezi wathunthu, iwo angapeze bwanji zikalata zawo?

Funso limeneli ndi limene linandichititsa kugula kabuku ka pepala. Mmenemo ndinalemba dzina la operating system ndi tsiku limene ndinaiika, mapulogalamu amene akuyenda, ma port amene ali otsegula ndi chifukwa chake, kumene kuli backup, ndi njira yotengera zithunzi pa diski yakunja pogwiritsa ntchito kompyuta wamba. Ndinapempha mkazi wanga kuti atsatire malangizowo ine ndili phee pambali, ndipo anakakamira pa mzere wachitatu, pamene ndinalemba kuti "mount diski" ngati kuti aliyense amadziwa tanthauzo lake. Tsamba limenelo ndalilembanso kawiri, ndipo Loweruka likubwerali tiyesanso.